Atadwala kanthawi kochepa

Pa wailesi yathu muno mu Kafue, nthawi imene anthu amatchera khutu kwambiri ndi ya zilengezo za maliro. Nyimbo ikamalira anthu amapitiriza macheza ao, nkhani za ndale amazitsutsa zisanathe n'komwe, koma tikangoyamba kuti "Banja la akutiakuti likudziwitsa abale ndi abwenzi," ngakhale pa msika phokoso limachepa. Timapepala ta zilengezo amabwera nato abale a womwalira m'mamawa, tina tong'ambidwa m'buku la mwana wa sukulu, tina tolembedwa kuseri kwa lisiti. Owerenga ndife, anthu ongodzipereka amene timakondwa ngati ya minibasi yapezeka. Pa timapepala timeneti pali mau amene sasowa: "atadwala kanthawi kochepa," kapena "mwadzidzidzi." Kwa zaka zambiri tinali kuwawerenga monga mmene timawerengera mitengo ya feteleza, osaima, osafunsa. Tinayamba kuwamva bwino pamene tinawawerenga pa maliro a munthu wathu.

Munthuyo anali mlonda wa pa geti pathu. Dzina sitilitchula, popeza banja lao likali konkuno ndipo limatimvetsera. Ife tonse tinali kungowaitana kuti Amdala. Anali atapitirira zaka 60, anagwirapo nchito ku fakitale ya nsalu isanatsekedwe, ndipo tsiku lililonse anali kubwera pa njinga kuchokera ku Zambia Compound. Anali kudziwa aliyense wa ife ndi mavuto ake. Mtsikana akatsiriza pulogalamu usiku, Amdala anali kumuperekeza mpaka pa msewu waukulu. Wina akabwera asanadye, anali kumugawira mbatata ya m'chikho chao. Munthu wotero umaganiza kuti adzakhalapo masiku onse, monga mtengo wa mango wa pabwalo.

Chiyambi cha 2022 tinaona kuti Amdala aleka kupalasa njinga pa kamtunda kakang'ono kofikira pa geti. Anali kutsika n'kuikankha, n'kuima pakati kuti apume. Tinawaseka kuti ukalamba wafika, iwonso anaseka. Patapita masabata anayamba kubwera atavala patapata m'malo mwa nsapato zao za nchito, amvekere nsapato zachepa. Mapazi anali otupa mpaka m'akakolo, ndipo mmodzi wa ife anati mwina ndi kuimirira kwambiri. Kenako anatiuza kuti ngakhale kunyumba sagonanso chogona, amagona chokhala pa mpando, chifukwa akangodzitambasula pa mphasa mpweya umawathawa ndipo chifuwa chimayamba. Ife tinati, "Ndiye ulonda weniweni umenewo, Amdala, mlonda sagona." Tinasekanso.

Chimene anali kudandaula nacho kwambiri chinali chilungulira. Akadya nsima, kapena akanyamula chigubu cha madzi, anali kugwira pakati pa chifuwa n'kunena kuti pakuotcha ndiponso pakulemera. Mankhwala ao anali soda yophikira delele, kasupuni kamodzi m'kapu ya madzi. Akakhala pansi mphindi zochepa ululu unali kutha, ndipo onse tinali kuyamikira soda. Masiku ena ndife amene tinali kuwagulira kapaketi pa kantemba.

Tsiku lina m'mwezi wa June, kukuzizira kwambiri monga mmene kumachitira kuno kufupi ndi mtsinje, tinawapeza m'mamawa atakhala pa benchi, thukuta lili kamukamu pamphumi. Ife tinali m'majuzi, iwo ali thukuta. Anati, "Ana anga, lero chilungulira chakwera mpaka m'nsagwada, ndipo dzanja ili lalema." Anali kumvanso mseru. Tinawapangira tiyi wa shuga wambiri, tinawafunditsa chitenje, n'kuwauza kuti, "Pumulani pang'ono Amdala, tikangotsiriza pulogalamu tikuperekezani ku kiliniki." Pulogalamuyo inali ya maola awiri. Pamene tinatuluka anali atafooka moti sanathe kuimirira. Tinathamangira takisi, tinafika nao kuchipatala, anamwino anawalandira mwamsanga, koma dzuwa lisanalowe Amdala anatisiya.

M'mawa mwake mwana wao anabweretsa kapepala. Panali polemba kuti bambo ao amwalira atadwala kanthawi kochepa. Amene anali pa maikolofoni tsiku limenelo anawerenga monga mmene panalembedwera, chifukwa mau a banja sitisintha. Koma tonse amene tinali m'situdiyo tinadziwa kuti kanthawiko kanali miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Thupi la Amdala linali kulankhula tsiku ndi tsiku pamaso pathu, ife anthu a masetifiketi a ku koleji, amene nchito yathu ndi kuuza anthu zinthu. Kumaliro kunamveka manong'onong'o akuti munthu sangafe chonchi popanda dzanja la munthu, ndipo ena anali kale kuloza mnansi amene anakangana nao za malire a puloti. Ife tinakhala chete, mitu ili pansi, poti tinali kudziwa kuti maola awiri aja sanawadye mnansi.

Maliro atatha tinapempha namwino wina wopuma pa nchito, amene amabwera nthawi zina pa pulogalamu ya zaumoyo, kuti atifotokozere ife eni ake tisanayatse maikolofoni. Tinamuuza zonse, kuyambira pa njinga mpaka pa tiyi. Sanatidzudzule. Anatenga pepala n'kujambula mtima, nati mtima ndi pampu ya mnofu, ndipo mnofu umenewo nawonso umadya magazi kudzera m'timitsempha take. Timitsempha timeneti tikayamba kuchepa m'kati chifukwa cha mafuta omatirira, munthu akagwira nchito yolemetsa mtima umapempha magazi ochuluka koma salowa okwanira. Pamenepo m'pamene chifuwa chimalemera kapena kuotcha, ndipo munthu akapumula zimaleka. Chimene chinali kuthandiza Amdala kunali kukhala pansi kuja. Soda inali kungolandira ulemu wa chabe, ndiponso inali kuonjezera vuto, chifukwa m'soda muli sodium, chinthu chomwecho chimene chimachititsa mchere kukweza BP ndi kusunga madzi m'thupi.

Za mapazi ndi mpando anatifotokozera motere. Mtima ukafooka sutha kukankha magazi onse amene akubwerera kwa iwo, ndiye madzi amatsalira m'mbuyo. Masana munthu ali chiimire, madziwo amatsikira kumapazi. Usiku akagona chogona, amabwerera n'kudzaza m'mapapo, ndipo munthu amadzuka akubanika, akutsokomola, kufuna kutsegula windo. N'chifukwa chake odwala otere amaonjezera mapilo, kenako n'kusamukira pa mpando. Ndipo za m'mawa wa June uja anati mtsempha umodzi uyenera kuti unatsekeka kotheratu. Zikatero mbali ya mnofu wa mtima imayamba kufa, ndipo mphindi iliyonse yochedwa imapha mnofu wina umene sudzabwereranso. Sanatilonjeze kuti tikanathamanga Amdala akanachira. Anangoti mwai ukanakhala waukulupo.

Kuyambira tsiku limenelo pali zizindikiro zimene tinaziloweza pamtima monga nyimbo ya fuko. Kulemera, kufinya kapena kuotcha pakati pa chifuwa kumene sikukutha pakapita mphindi zingapo, kapena kumene kumabwera munthu akagwira nchito n'kutha akapumula. Ululu wochoka pachifuwa kupita kudzanja, makamaka lamanzere, kuphewa, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana. Thukuta lozizira popanda chifukwa, mseru, chizungulire, kukomoka. Befu pa mtunda umene kale munthu anali kuuyenda akuimba. Kutupa kwa mapazi onse awiri, kulephera kugona chogona, mtima kugunda mothamanga kapena modumphadumpha munthu ali chikhalire. Namwino uja anatichenjezanso kuti azimai, okalamba ndi odwala shuga nthawi zambiri samva ululu waukulu wa pachifuwa. Iwo angangomva kutopa kwachilendo, kubanika, kapena kupweteka pamwamba pa mimba, ndipo n'chifukwa chake ambiri amachedwa kunyumba akumwa mankhwala a m'mimba.

Patangopita miyezi inai, pa 10 October 2022, tinawerenga pa pulogalamu ya zamasewero nkhani imene inaliza dziko lonse. Enock Mwepu, amene tonse timamutcha Computer, analeka mpira ali ndi zaka 24 zokha. Kuno nkhaniyi inatikhudza mwapadera, popeza mnyamatayu anadzera ku Kafue Celtic asanapite ku Salzburg ndi ku Brighton, ndipo anali m'gulu lija limene linatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 mu 2017. Anadwala ali pa ulendo wokasewerera dziko, anagonekedwa m'chipatala ku Mali, ndipo atamupima bwino ku England anapeza kuti ali ndi vuto la mtima la kumtundu, limene likanatha kumupha ali m'bwalo. Oimba foni ambiri anali kulira kuti mwana waonongekeredwa tsogolo. Ife m'situdiyo tinali kuganiza zina. Tinakumbukira Chaswe Nsofwa, amene anagwa pa maseŵera okonzekera ku Israel mu August 2007 n'kumwalira ali ndi zaka 28. Mwepu anataya mpira koma ali moyo, chifukwa thupi litalankhula panapezeka anthu omvetsera.

Pamene tinayamba kukamba za mtima pa wailesi sabata ndi sabata, bambo wina anaimba n'kutiuza mosabisa kuti tikutaya nthawi. Anati amenewo ndi matenda a mabwana, a anthu odya soseji ndi kuyenda pa galimoto, ndipo ife a mu komboni tikambe za malungo ndi kolera. Tinamumvetsa. Maina amene anthu amawadziwa ndi a akuluakulu. Levy Mwanawasa anagwidwa ndi sitiroko ku Egypt mu June 2008 ali ku msonkhano wa African Union, n'kumwalira ku Paris pa 19 August chaka chomwecho. Frederick Chiluba anavutika ndi mtima kwa zaka asanamwalire mu June 2011. Kwa anansi athu ku Malawi, mtima wa Bingu wa Mutharika unaima mu April 2012. Koma maina amenewa timawadziwa chifukwa eni ake anali ndi madokotala otchula dzina la matenda. Wa mu komboni amangolembedwa kuti "mwadzidzidzi."

Ziwerengero zimanena zomwezo. Bungwe la World Health Organization limati matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi ndiwo amapha anthu ambiri padziko lonse kuposa matenda ena alionse: pafupifupi anthu 17.9 miliyoni mu 2019, ndipo oposa atatu mwa anai alionse mwa iwo anali a m'maiko osauka ndi apakati. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi BP yokwera. Tikakwera minibasi ya ku Lusaka imene yadzaza, tiyenera kudziwa kuti atatu kapena kuposerapo mmenemo ali nayo, ndipo ambiri sadziwa, chifukwa BP ingathe kukhala zaka osapweteka paliponse uku ikulemetsa mtima, ikuononga impso ndi mitsempha ya mu ubongo. Njira yoidziwira ndi imodzi, kupimitsa. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, munthu afunika thandizo.

Ndiponso tikayang'ana m'mbale zathu, umabwana suoneka. Kafue ndi tauni ya nsomba, ndipo nsomba youma ndi kapenta zambiri zimasungidwa ndi mchere. Pa ndiwo timathira mchere pophika, tithirenso timakyubu tokometsera, ndiyeno pa tebulo dzanja lipitenso ku mchere tisanalawe n'komwe. Muyezo umene akatswiri amalangiza ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse wobisika m'buledi ndi m'zokazinga za pa msewu. Onjezanipo fodya, kachasu, mafuta okazingira obwerezabwereza, ndi nkhawa ya lendi. Zonsezi zili mu Shikoswe ndi mu Zambia Compound monga mmene zilili ku Kabulonga.

Pali vuto linanso la mtima limene limakonda ana a osauka, ndipo ambiri a ife tinali tisanalimvepo. Limayamba ndi zilonda za pakhosi zobwera ndi tizilombo totchedwa streptococcus, zimene zimafala msanga pamene ana ambiri amagona m'chipinda chimodzi. Zikapanda kuchiritsidwa, thupi polimbana ndi tizilomboto limatha kuukira tizitseko ta mu mtima. Mwana amayamba kutentha thupi ndi kupweteka m'mfundo, kenako zimaoneka ngati zatha. Patapita zaka, mtsikana wa zaka 20 amapezeka akubanika ali ndi pakati, mtima utaonongeka kale. Zilonda zimenezi zimachiritsika ndi penicillin, mankhwala akalekale ndiponso otsika mtengo. Tsopano timauza makolo kuti mwana akadandaula pakhosi ndipo thupi latentha, makamaka ngati alibe chimfine, apite naye ku kiliniki m'malo mongomupatsa madzi a mandimu.

Sitinganame kuti kudziwa zizindikiro kumathetsa zonse. Oimba foni amatikumbutsa zimenezi nthawi zonse. Wina ali ku Chanyanya, usiku, galimoto kulibe. Wina anapita kukatenga mankhwala a BP n'kuuzidwa kuti akagule yekha, ndalama alibe. Wina anatumizidwa ku Lusaka, ku UTH kapena ku National Heart Hospital, ndipo ngakhale mtunda wake ndi wa makilomita osachepera 40 chabe, kwa munthu wogulitsa tomato ulendo umenewo ndi chakudya cha sabata. Mafunso otere amatisowetsa chonena. Chimene tingathe kunena n'chakuti kupimitsa BP pa kiliniki ya boma sikufuna ndalama, kuti wopatsidwa mankhwala asawaleke chifukwa choti akumva bwino, ndiponso kuti pa mabanja ndi pa mipingo ndi bwino kugwirizana pasadakhale kuti wina akagwa usiku, galimoto ya ndani idzanyamuka. Timasonkha msanga ndalama ya bokosi. Tingathenso kusonkha ya mafuta a galimoto munthu akali kupuma.

Za kupemphera ndi za asing'anga timakamba mosamala, chifukwa ifenso ndife ana a makomo omwewo. Sitiuza munthu kuti aleke kupemphera. Timangoti pempherani muli m'galimoto. Munthu akagwira pachifuwa, thukuta lili mbwee, mukhazikeni pansi chotsamira, mumasuleni zothina, musamuyendetse wapansi, musamupatse chakudya, ndipo nyamukani nthawi yomweyo kupita ku Kafue General Hospital kapena chipatala chimene chili pafupi. Chimodzimodzi ngati mwaona kamwa yapotoka, dzanja limodzi lagwa, kapena mau akutuluka mosamveka, chifukwa zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko ndipo nazonso sizidikira kuti kuche. Ngati munthu wagwa, sakuyankha ndipo sakupuma bwino, ikani manja pakati pa chifuwa chake n'kumakanikiza mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akufuna thandizo. Okonda mpira anaona pa TV mu June 2021 mmene Christian Eriksen wa ku Denmark anagwera m'bwalo, ndipo anapulumuka chifukwa anthu anayamba kumuthandiza pomwepo.

Tsiku lina pulogalamu ili mkati anaimba mai wina wogulitsa nsomba. Anati, "Ana anga, zimene mukambazo ndi za amuna anga. Masiku atatu tsopano agona pa mpando, ndipo nsapato sizilowa. Koma akana kupita kuchipatala, akuti ndi mphepo chabe." Tinayang'anana. Mnzathu amene anapanga tiyi m'mawa wa June uja ndiye anayankha, mau akunjenjemera. Anati, "Amai, chonde musadikire kuti titsirize pulogalamu. Ikani foni pansi, itanani ana kapena aneba, muwanyamule lero lomwe. Akakalipa, adzakalipe ali moyo." Maiyo anadula foni osatsazika. Sanaimbenso, ndipo dzina sanatiuze. Kwa masabata angapo aliyense wa ife anali kuyang'ana timapepala ta m'mawa ndi mantha, kufunafuna mwamuna wa mai wogulitsa nsomba. Sitinakapeze kapepala kotero, ndipo timadzitonthoza nazo.

Tinasonkherana ndalama n'kugula kamakina kopimira BP, ka mabatire, ndipo kamakhala m'kabati ya m'situdiyo pamodzi ndi mahedifoni. Namwino uja anatiphunzitsa kukagwiritsa nchito: munthu akhale pansi mphindi zisanu, dzanja litsamire pa tebulo, asalankhule. Ife si madokotala ndipo sitipatsa munthu mankhwala. Tikapeza nambala yokwera timalemba pa pepala n'kumuuza kuti apite nayo ku kiliniki. Oyamba kupimidwa tinali ife eni ake, ndipo awiri mwa ife, onse a zaka za m'ma 30, anapezeka kuti ili pamwamba. Pa 17 May, tsiku lokumbukira BP padziko lonse, ndi pa 29 September, tsiku la mtima, timatulutsa tebulo panja pafupi ndi geti. Abale obweretsa zilengezo za maliro nawonso timawapempha kuti akhale kaye pa benchi tiwapime, makamaka ngati pa kapepala palembedwa kuti "mwadzidzidzi," popeza mavuto ena a mtima amayenda m'magazi a banja.

Mau aja tikali kuwawerenga pafupifupi tsiku lililonse, ndipo sitiwasintha. Koma inu amene mukuwerenga pano, yang'anani anthu a pakhomo panu madzulo ano. Onani amene wayamba kutsalira m'mbuyo popita ku tchalitchi, amene wasiya nsapato n'kuyamba patapata, amene waonjezera pilo, amene soda yake ikutha msanga. Mufunseni mwaulemu kuti zinayamba liti, ndipo mumuperekeze. Mlonda amene tili naye tsopano ndi bambo wa zaka za m'ma 50, wanthabwala ngati Amdala. Sabata yatha anafika pa geti akukankha njinga, ndipo atatu a ife tinatuluka m'situdiyo nthawi imodzi. Iye anadabwa, n'kutionetsa tayala lakumbuyo limene linali litaphwa. Tinaseka tonse, koma tinamukhazikabe pa benchi n'kutulutsa kamakina.